Camry yatsopano ija ndayenda nayo miyezi inayi, nazi zomwe ndaona

Achisale (South Bend):
Moni nonse apagulu. Paja ndinalonjeza kuti za Camry ija ndidzanena ndikayenda nayo mokwanira, osati tsiku loyamba munthu ukadaledzera ndi fungo la mipando yanyuwani. Pano yakwanitsa miyezi inayi. Yaona dzuwa, yaona mvula, yalawanso chipale chofewa cha kuno ku Indiana, ndiye pakamwa panga patseguka.

Amene simunamve, ndinagula Toyota Camry ya 2025, ya LE. Ya chaka chimenecho inatuluka m'mitundu inayi, LE, SE, XLE ndi XSE, ndipo yangayi ndi yotsikitsitsa. A Toyota anailengeza pa $28,400, koma musanamizike ndi nambala imeneyo. Ukaikapo ndalama yobweretsera galimoto kwa ogulitsa, msonkho ndi mapepala, 30,000 umaidutsa osaiona. Ndinatenga pa ngongole, ndiye kwenikweni eni ake ndi a banki, ine ndine wongoisunga.

Chachikulu n'chakuti kuno Camry yatsopano ya petulo yekha kulibenso. Zonse ndi hybrid. Injini ndi ya malita 2.5, masilinda anayi, yothandizana ndi mamota a magetsi, mphamvu zonse pamodzi 225 hp. Ukasankha yokoka ndi matayala onse anayi imafika 232. Boma la kuno linailembera 51 mpg, amene mumawerenga m'malita ndi pafupifupi makilomita 21 pa lita imodzi. Nyengo yofunda ndimayandikira pamenepo ndithu, popanda kuinyengerera. Thanki yake ndi ya magaloni 13, malita 49, koma pomwetsera mafuta anyamata aja ayamba kundiiwala nkhope.

Ndikuuzeni za tsiku lomwe ndinakatenga apongozi anga pa bwalo la ndege la O'Hare ku Chicago. Anafika ndi masutikesi awiri akuluakulu aja a makilogalamu 23, kachikwama kam'manja, ndi jumbo ina yomwe sindikudziwa kuti inadutsa bwanji. Zonse zinalowa mu buti, ndinangopendeketsa sutikesi imodzi. Takhala m'galimoto, ndadina batani, pa dashibodi pangoyaka mawu obiriwira oti READY, phokoso ziii. Ndikukonza galasi, ndingomva apongozi kumbuyoko akuuza adzukulu awo, "Tsikani anawa, tiwathandize bambo anu kukankha, yakana kulira." Anali atagwira kale chitseko! Nditayamba kubwerera m'mbuyo mwakachetechete anagwira pakamwa, mpaka tinatuluka pamalo oimikapo magalimoto asanalankhule.

Pamsewu waukulu imakhazikika bwino. Matayala a LE ndi a mainchesi 16, a mphira wokhuthala, ndiye timaenje tomwe chisanu chimasiya m'misewu ya kuno imatimeza. Mabuleki sakudzidzimutsa ngati a ma hybrid akale. Foni imalumikizana ndi sikirini popanda chingwe, sikiriniyo ndi ya mainchesi 8, ndipo chondisangalatsa n'chakuti hita ndi voliyumu anasiyira mabatani enieni oti ugwire ndi chala, ngakhale utavala magolovesi.

Zomwe sindinakonde. Ukaponda moto mwamphamvu, monga polowa mumsewu waukulu, injini imabuula mokweza n'kukhala pa liwu limodzimodzi ngati chigayo, liwiro n'kumabwera pambuyo pake. Siichedwa ayi, koma khutu silisangalala. Chachiwiri, ndi yaifupi. Pansi pake ndi msewu pali mpata wochepera masentimita 14. Apongozi ali ndi vuto la mawondo, kulowa amalowa, koma potuluka mpaka wina awagwire dzanja. Pamenepa ndiye pali mlandu kunyumba kuno, chifukwa mayi a Tadala ankafuna RAV4, Toyota yaitali ija, kuchokera pachiyambi.

Funsani, ndili pa ofu lero.

Mfana wa Mark X:
Kkkkk apongozi akankhe galimoto ya 30,000! Achimwene mwandipha. Koma ine funso langa ndi limodzi: injini ya V6 ija, ya masilinda sikisi, anaipititsa kuti? Camry ya 3.5 inali ndi 301 hp. Mwagula firiji yoyenda inu.

Achisale (South Bend):
V6 inathera pa Camry ya 2024, mfana. Firiji yomweyo ikundisungira ndalama ya sukulu ya azibale ako kumudzi. Udzakwatira udzamva.

Mfana wa Mark X:
Ndikadzakwatira mkaziyo adzakonda phokoso la V6, apo ayi ukwati kulibe.

Nabanda (Leeds):
Zabwino zonse alamu. Ine ndifunse za ana, poti ndi zomwe amuna simunena mukamakamba za galimoto. Kumbuyo kumakwana timipando ta ana tingati? Ndipo munthu wamkulu angakhale pakati pa timipando tiwiri?

Achisale (South Bend):
Alamu, mwafunsa funso lomwe linandivuta kale. Tili ndi kampando ka wakhanda koyang'ana kumbuyo, ndi kena kongokweza ka Tadala. Tiwiri timeneti timakhala bwino m'mbali, zokolekera zake zili poonekera, sumachita kupisa dzanja m'kati mwa mpando. Kampando ka wakhanda sikakakamiza wokhala kutsogolo kusendeza mpando mpaka mawondo kugunda dashibodi, malo a miyendo alipo ambiri. Koma pakatipo munthu wamkulu amakhala chopanikizika. Apongozi tinawayesa ulendo umodzi wopita ku tchalitchi, pobwerera tinawapatsa kutsogolo, mayi a Tadala n'kudzipanikiza okha pakatipo. Nkhope yawo tsiku limenelo sindidzaiiwala.

Chinanso, denga limatsetserekera kumbuyo, ndiye pomuika mwana pakampando umawerama kwambiri. Ndagundapo mutu kawiri.

Nabanda (Leeds):
Ndiye achemwali anga sankalakwa. Kuno anthu a mabanja anathawira ku magalimoto aatali pa chifukwa chomwecho, msana. Camry anaibweretsanso kuno mu 2019 patatha zaka zambiri kulibe, koma pofika kumapeto kwa 2021 anaichotsanso, anthu sankagula. Avensis inatha 2018, Ford Mondeo inatha 2022. Panopa ukafuna galimoto yaifupi yotakasuka umathamangira Skoda Superb. Pamalo oimika magalimoto ku ntchito kwathu ndi Qashqai, Sportage, Tucson, basi. Zonse zofanana ngati mabanzi.

Sipanala wa ku Biwi:
Bwana Achisale, moni kuchokera ku Lilongwe. Ndimayembekezera nkhani imeneyi. Ndiyankhepo pa kubuula kwa injini mwanenako, chifukwa makasitomala anga a Aqua ndi Prius amabwera nalo dandaulo lomwelo, ati giya bokosi yatha, ikuterereka. Siinathe. Ma hybrid a Toyota alibe magiya osinthasintha ngati otomatiki wamba, alibenso lamba wachitsulo uja ali mu CVT ya Vitz kapena Axio. M'kati mwake muli timagiya tozungulirana, kamodzi pakati, tina tozungulira m'mbali, tonse m'kati mwa mkombero. Injini imalumikizidwa mbali imodzi, mamota awiri a magetsi mbali zinazo. Kompyuta ikaona kuti mwaponda, imakweza injini kufika pomwe imatulutsa mphamvu bwino n'kuisiya pomwepo, mamota n'kumasintha liwiro la matayala. N'chifukwa chake khutu limamva liwu limodzi.

Ine monga makaniko ndimaikonda chifukwa zinthu zofa ndi zochepa. Ilibe sitata, mota yomweyo ndiyo imaliza injini. Ilibe alitaneta. Pa injini ya 2.5 imeneyi ngakhale fanibeluti kulibe, pampu ya madzi ndi kompuresa ya ekoni zimayendera magetsi. Mabuleki padi amakhala zaka, poti ukamachepetsa liwiro mota ndiyo imagwira galimoto n'kumatchaja batire. Kunena zoona magalimoto amenewa akutilanda nsima.

Achisale (South Bend):
Apa ndaphunzira. Wogulitsa uja anangondiuza kuti "zimatero", kenako n'kuyamba kundikakamiza inshuwalansi ya matayala ndi mankhwala opaka pa penti. Ndinakhala mu ofesi yake maola atatu ndikukana chimodzichimodzi.

Mfana wa Mark X:
Akulu a ku Biwi, zonsezo n'zabwino, koma batire likafa? Msuweni wanga Aqua yake inayatsa magetsi onse pa dashibodi ngati mtengo wa Khirisimasi, ndalama ya batire inatsala pang'ono kufanana ndi ya galimoto.

Sipanala wa ku Biwi:
Aqua ya msuweni wako inali ya chaka chanji? Zambiri zobwera kuno ndi za 2012, 2013, zafika zitatha kale zaka khumi, ena atabweza mileji. Batire lililonse limakalamba. Koma chimene chimapha mabatire kuno msanga ndi fumbi. Batire limakhala pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo lili ndi kafani kokoka mpweya kuchokera m'kati mwa galimoto kuti lizizire. Pambali pa mpandowo pali kazenera ka pulasitiki kolowera mpweyawo. Anthu amaikapo jumbo ya mbatata, chitenje, thumba la makala, kenaka kafani kaja kadzadza fumbi ndi tsitsi. Sabata yatha ndinatsegula ina, ndinatulutsa chinthu chonga chisa cha mbewa, nthenga za nkhuku zili momwemo. Mwini wake amanyamula nkhuku ku Mitundu. Batire likamatentha tsiku ndi tsiku, maselo amafooka.

Bwana Achisale, kwanuko fumbi kulibe, koma muli ndi ana. Tizinyenyeswa ta mabisiketi ndi bulangete la mwana zisatseke kazenerako.

Achisale (South Bend):
Ndangotuluka kukaona. Panali sokosi ya Tadala. Zikomo akulu.

Pa za batire, kuno a Toyota amapereka chitsimikizo cha zaka 10 kapena mamailosi 150,000, chomwe chayamba kukwana. La Camry imeneyi ndi la lithium-ion, osati la nickel ngati la Aqua zakale zija. Ngongole yanga itha batire likadali m'manja mwawo, ndiye tulo ndimagona.

Phiri wa ku Perth:
Ndalowa mochedwa, kuno kwacha kale. Ine ndimayendetsa Camry hybrid yam'mbuyomu, ya 2019, kunyamula anthu madzulo ndikaweruka. Kuno ku Australia matakisi ambiri ndi Camry, ukaima pa bwalo la ndege umangoona zoyera zili ndondondo. Yatsopanoyi inafika kuno chakumapeto kwa 2024, nayonso hybrid yokhayokha, mitundu itatu, Ascent, Ascent Sport ndi SL. Zathu zimachokera ku Japan, poti fakitale ya Toyota ya ku Altona ku Melbourne inatsekedwa mu 2017.

Mnzanga ali nayo yatsopano ndipo ndinaiyendetsa tsiku lathunthu. Ndinene mosabisa: ndi galimoto yanga yomweyi yavala suti yatsopano. Zitseko, denga, kakhalidwe ka m'kati, kutalika kwake pakati pa matayala, zonse ndimazidziwa. Chomwe ndinamva kuti chasintha ndi mabuleki, komanso mota imakoka msanga ponyamuka pa maloboti. Ndiye amene muli ndi ya 2018 mpaka 2024 ya hybrid musadzimvere chisoni.

Achisale (South Bend):
A Phiri simukunama. Chimango chake ndi chomwe chija, anangokonza nkhope, kumbuyo, dashibodi ndi zamagetsi. Ena amati ndi ulesi. Ine ndinaona ngati ubwino, chifukwa zolakwika za chimango chimenecho anazipeza kale pa magalimoto a anthu ena, osati pa yanga.

Mfana wa Mark X:
Nkhope yakeyo ndiye ayi. Kukamwa kuli yasaa ngati mlamba.

Wakujoni:
Kkkk mlamba weniweni. Koma ine Camry imandikumbutsa madala anga. Anabwera nayo kuchokera kuno ku Joni cha m'ma 1990, zija ankazimanga ku Durban, yotakasuka ngati bwato. Ikafika pa Jenda anthu ankadziwa kuti kwabwera munthu. Lero kuno ku South Africa Camry yatsopano suipeza m'sitolo za Toyota. Fakitale ya ku Prospecton ikutulutsa Corolla Cross, Hilux, Fortuner ndi ma Quantum a matakisi, ndipo anthu ndi zomwe akufuna. Munthu wa banja akapeza ndalama amalumphira Corolla Cross kapena zachi China zadzadza panozi, Haval ndi Chery.

Madala Admin:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Funso langa ndi la ife tili kumudzi kuno. Galimoto imeneyi tidzaiona liti pa M1? Paja ife timadya zotsala za a Japan, ikatha zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri ndiye timaitanitsa kudzera pa Dar es Salaam.

Sipanala wa ku Biwi:
Madala, apa ndiye pali nkhani yomwe ambiri sakuidziwa. Imeneyi pa intaneti ya magalimoto a ku Japan simudzaipeza msanga. A Toyota anasiya kugulitsa Camry m'dziko la Japan kumapeto kwa 2023, patatha zaka zoposa 40. Kupanga akupangabe komweko, koma zonse n'zotumiza kunja. Ndiye yatsopanoyi itatuluka, panalibe m'Japan amene ankaigula kuti adzatigulitse mawa.

Si Camry yokha. Mark X inatha 2019. Premio ndi Allion zinatha 2021. Taganizani, magalimoto omwe akuluakulu a m'maofesi, abusa ndi aphunzitsi aakulu akhala akugula zaka zonsezi, gwero lake laphwa. Zomwe zili pamsika pano ndi zomaliza, n'chifukwa chake Premio yabwino mtengo wake sukutsika. Camry yomaliza ya ku Japan ndi ija inayamba 2017, ndipo kumeneko inali ya hybrid yokha. Inagulitsidwanso ndi dzina loti Daihatsu Altis, galimoto yomweyo chizindikiro chokha chosiyana, ndiye mukaiona yotchipirapo musaithawe.

Madala Admin:
Aaa, ndiye Premio yangayi ndiisunge ngati ng'ombe ya mkaka. Nanga Achisale sangadzatitumizire yawoyo akatopa nayo?

Achisale (South Bend):
Madala, yangayi chiwongolero chili kumanzere. Inapangidwa ku Georgetown, m'chigawo cha Kentucky, komwe akhala akupanga Camry kuyambira 1988. Tangoganizani mukufuna kupitirira thiraki pa Zalewa, inu muli mbali ya kuthengo, amene akuona kutsogolo ndi mayi akunyumba. Ukwati ungathere pa Phalula.

Phiri wa ku Perth:
Za chiwongolero cha kumanja zilipo: kuno, New Zealand, Thailand, Malaysia, Singapore, India. Amene adzaifune kumudzi adzayang'ane kumeneko. Koma za kuno zambiri zidzakhala zitagwira ukapolo wa utakisi, mileji yake yoopsa.

Madala Admin:
Komabe za mafuta zandikhudza. Makilomita 21 pa lita, ndiye kuti Lilongwe mpaka Blantyre malita 15 okha? Ife amene tagonapo pa mzere wa mafuta, kudzuka m'galimoto khosi litauma, wa chigubu akukudutsa, nambala imeneyo si yamasewera. Thanki imodzi kupita ndi kubwerera, n'kutsalako ya ku ntchito sabata yonse.

Sipanala wa ku Biwi:
Pa pepala inde, madala. Koma hybrid imaonetsa ukatswiri wake m'tauni, poima ndi kunyamuka, monga m'mawa pa mzere wa magalimoto ochokera ku Area 25. Pamenepo injini imazima, ena onse akuwotcha mafuta ataima. Pamsewu wautali ukamathamanga injini ndiyo imagwira ntchito nthawi yambiri, phindu limachepa pang'ono. Mukadzadza anthu asanu ndi matumba a chimanga mu buti, muchotseponso.

Koma chimene chingaigwetse kuno si mafuta. Ndi masentimita 14 anena Achisale aja. Mahampu a m'ma trading centre athu ena amamangidwa ngati mizere ya mbatata. Msewu wolowera kumudzi nthawi ya dzinja, pakati pamakhala chitunda, m'mbali ngalande. Mark X ndi Camry zomwe zimabwera pa garaja panga, pafupifupi zonse pulasitiki ya pansi inathothoka kalekale, bampala yamangidwa ndi waya. Ena amaika zokwezera pa mashoko, galimoto imakwera ndithu koma pa kona imayamba kuyenda ngati yaledzera.

Chinanso ndi oilo. Injini ya 2.5 imeneyi pa Camry yam'mbuyomu imafuna 0W-16, wopyapyala ngati madzi. Kuno mnyamata amangothira 20W-50 wa mu minibasi n'kumati oilo ndi oilo. Injini yomwe imazima ndi kulira kambirimbiri pa ulendo umodzi imafuna oilo wofika msanga m'mwamba.

Nabanda (Leeds):
Ndiye mukuona, nkhani yabwereranso pa kufupika. Alamu, tiuzeni zoona, munakaniranji RAV4? Hybrid yake iliponso, injini yomweyo.

Achisale (South Bend):
Ndalama, alamu. RAV4 hybrid inali yokwera ndi madola masauzande angapo, ndipo ogulitsa sankatsitsa ngakhale pang'ono chifukwa anthu amachita kuilimbirana. Mafuta imamwa kuposa Camry, boma linailembera cha m'ma 39 kapena 40 mpg, poti ndi yaitali, imalimbana ndi mphepo. Ine ndimayenda ulendo wautali kupita ku ntchito usiku uliwonse, ndili ndekha m'galimoto. Ndinawerengera kuti masiku omwe tikufunadi galimoto yaitali pa chaka ndi ochepa, pomwe mafuta ndi ngongole n'za mwezi ndi mwezi.

Ndinayesanso Honda Accord. Kumbuyo ndi yotakasuka kuposa Camry, buti yake ndi yaikulu, ndipo pa kona imakoma kwambiri, Mfana wa Mark X akanaikonda. Koma Accord yotchipa si ya hybrid, kuti upeze hybrid uyenera kukwera mtundu, mtengo n'kudutsa. Hyundai Sonata ndi Kia K5 ndinaziona, zili ndi zidole zambiri m'kati, chitsimikizo chawo n'chachitali. Mtima unakana basi, mwina ndi ukalamba, tinakulira Toyota.

Ndipo zosankha zikuchepa chaka ndi chaka. Ford Fusion inatha 2020, Mazda6 inachoka kuno 2021, Passat 2022, Chevrolet Malibu anasiya kupanga kumapeto kwa 2024, Subaru Legacy nayo yatsanzika. Camry yakhala galimoto yaifupi yogulidwa kwambiri ku America kwa zaka zoposa 20, koma RAV4 ya Toyota yomweyo inaipitirira kalekale.

Wakujoni:
Nanga pa chipale chofewa mwati yalawa chija? Ife timangoonera pa TV.

Achisale (South Bend):
Kuno tili pafupi ndi nyanja ya Michigan, ndiye mphepo ikawomba kuchokera kunyanjako chipale chimagwa ngati wina akupeta ufa kumwamba. Tsiku lina ndikuweruka 6 koloko m'mawa ndinapeza galimoto yakwiririka mpaka theka la matayala. Ndinafosholo kutsogolo, ndinakanda magalasi, zala zitachita dzanzi. Nditadina batani, ulendo uno apongozi sakanati tikankhe, injini inalira nthawi yomweyo ndipo sinazime mpaka kunyumba. Hita imatenga kutentha ku injini, ndiye kukazizira injini imalira kuti iwe ufunde. Mafuta nyengo imeneyi amatsika kufika cha m'ma 40 mpg, maulendo afupiafupi kutsikanso pamenepo.

Kuyenda imayenda ngati msewu wapalidwa. Polowera kunyumba kwathu, galimoto yopala msewu imasiya chimulu cha chipale pakhomo, ndipo pamenepo ndinamva pansi pakukhula, khwee, mtima unachita kuti myuu. Ya matayala onse anayi ikanathandiza ponyamuka. Ili ndi mota yachitatu kumbuyo yomwe imakoka matayala akumbuyo payokha, popanda chitsulo chochokera ku injini. Koma siikweza galimoto ngakhale sentimita imodzi. Ndinagula matayala a nyengo yozizira m'malo mwake, amathandiza ndi poima pomwe.

Mfana wa Mark X:
"Ndinafosholo" kkkkk Chichewa chikuthawa achimwene, bwerani kumudzi.

Achisale (South Bend):
Ndinakumba ndi fosholo, wakhuta? Iwe amene umati "ndikupanga overtake".

Phiri wa ku Perth:
Funso la ife oyendetsa usiku. Zija zoigwira galimoto kuti isatuluke mu mzere, sizikukuvutitsani? Yanga imalira ngati mwana wanjala.

Achisale (South Bend):
Zonsezo zilipo ngakhale pa LE, amazitcha Toyota Safety Sense 3.0. Imatsata galimoto yakutsogolo payokha, imachepetsa liwiro inayo ikachepetsa, imakugwirira chiwongolero pakati pa mizere. Pa US-31 popita ku Indianapolis, msewu wowongoka ngati chingwe, imandipumulitsa mwendo. Ilinso ndi kanyali pa galasi la m'mbali kochenjeza kuti pali galimoto pomwe suona, kameneko kandipulumutsapo kamodzi. Chomwe ndinazimitsa ndi china chomwe chimagwira mabuleki pang'onopang'ono chokha ukamayandikira kona kapena galimoto ina. Ndinkamva ngati wina akundiyendetsera. Chipale chikamata pa chizindikiro cha kutsogolo, pomwe pali radar, zonse zimazima n'kukulembera uthenga, ndiye umabwerera ku maso ako.

Sipanala wa ku Biwi:
Kuno yotsata mizereyo ingasokonezeke mutu, mzerewo uli kuti? Ingamatsate mbuzi.

Madala Admin:
Kkkk kapena wa kabaza. Koma Achisale, tayala la sipeya lilimo? Magalimoto a masiku ano akungokupatsa kabotolo ka guluu.

Achisale (South Bend):
Lilimo madala, kaja kowonda kongokufikitsa kwa okonza matayala, pansi pa buti. Ndinayang'ana ndisanasaine. Mipando yakumbuyo imapindikanso, batire silinadye malo a katundu poti lili pansi pa mpando. Ndinanyamulapo kabedi ka mwana kosamanga, kanalowa.

Mayi a Tadala:
Moni nonse. Achemwali a ku Leeds anditumizira uthenga kuti ndikukambidwa kuno, ndiye ndabwera ndidzadziyankhire ndekha.

Mfana wa Mark X:
Eeeh! Achimwene thawani!

Mayi a Tadala:
Bambo a Tadala anena zambiri zoona, koma asiya zina. Sananene kuti amene amawatulutsa amayi m'galimoto ndine, amene amawerama kumanga mwana pakampando kawiri pa tsiku ndine, msana wobereka kumene. Sananene kuti ngolo ya mwana ikalowa mu buti, zogula za pa sabata zimakhala pamiyendo pa anthu, chifukwa pakamwa pa buti ndi popapatiza ngakhale m'kati muli malo. Akuti masiku ofuna galimoto yaitali ndi ochepa pa chaka. Kwa iwo inde.

Komanso mipando ya nsalu, yotuwa, m'nyumba ya ana awiri. Ndinanena. Pali kale chizindikiro cha yogati chooneka ngati mapu a Malawi, nyanja ndi Nsanje yomwe.

Koma poti ndine Mkhristu ndinenenso izi. Mwezi woyamba ndinkaganiza kuti geji ya mafuta yafa. Galimoto yathu yakale ndinkathira kawiri pa sabata, iyi ndimaiwala tsiku lomwe ndinathira. Ndipo wakhandayu akavuta usiku, ndimamuika pakampando n'kuzungulira naye m'makwalala a kwathu kuno pang'onopang'ono, ikuyendera magetsi okha, osafika kumapeto kwa msewu wagona. Amayi nawonso pano akuitama, akaimba foni kumudzi amauza anthu kuti apongozi awo anagula galimoto yoyenda mozemba ngati mfiti.

Nabanda (Leeds):
Kkkkk achemwali mwandiliza. Ndiye chigamulo?

Mayi a Tadala:
Chigamulo chinagwa kale. Camry ndi ya bambo a Tadala ndi maulendo awo a usiku. Chigalimoto chakale chija chikadzafa, ndipo chikutsokomola kale, wosankha ndine, iwo adzangosaina.

Achisale (South Bend):
Nkhani imeneyi sitinagwirizane.

Mayi a Tadala:
Tagwirizana pano, mboni ndi gulu lonseli. Madala Admin lembani.

Madala Admin:
Ndalemba, mayi. Achisale, pepani, ine ndi wa chilungamo.

Sipanala wa ku Biwi:
Mayi, mukadzafika posankhapo mudzandifunse, RAV4 hybrid ndazitsegulapo zingapo. Bwana Achisale, ikadzapita ku sevisi yoyamba mundijambulire pansi pake ili m'mwamba, ndi chitini cha oilo amene athiremo. Ndikufuna ndione pomwe anadutsitsa mawaya a olenji aja a magetsi a batire, kuti tsiku lomwe ya ku Singapore idzagwere pa Biwi pano ndisadzayambe ndi kukanda mutu kasitomala akuona.

Achisale (South Bend):
Sevisi ili Lachiwiri likubwerali. Ndikajambula ngati andilole kulowa m'garajamo, kuno amakutsekera m'chipinda cha khofi. Pano ndikaye ndikachotse mapu a Malawi aja, ndapatsidwa kale ndowa ndi kansalu.